Kuona Maso a Nkhono: Tchesi ya Mipikisano ndi Wosewera wa ku Rufunsa

Anthu a tchesi ya mipikisano ali m'magulu awiri osalingana. Pali akatswiri owerengeka amene bolodi ndilo limawadyetsa, ndiye pali khamu la osewera a m'makalabu: aphunzitsi, apolisi, anamwino, ana a sukulu, ogulitsa m'magolosale, anthu amene amayala bolodi akaweruka ndipo amalowa mpikisano weniweni mwa apo ndi apo, thumba likalola. Wosewera wa gulu lachiwirili ali ndi ntchito ziwiri. Amasewera, komanso amatsatira. Amadziwa kumene kukuchitika mpikisano sabata ino, amene akutsogola, amene wagwa pa raundi yachitatu, ndipo madzulo amabwereza pa bolodi lake gemu imene anthu ena asewera kutali. Kwa wokhala mumzinda, ntchito ziwirizi zimayendera limodzi. Kwa wokhala ku dera ngati la Rufunsa, kutsatira ndiko kumachuluka, kusewera mumpikisano n'kwa kamodzikamodzi.

Boma la Rufunsa lili m'chigawo cha Lusaka, ndipo linadulidwa ku boma la Chongwe mu 2013, pa nthawi ya Pulezidenti Michael Sata. Ndi dziko la mafumu Bunda Bunda, Mpanshya ndi Shikabeta, la mapiri ndi tchire, lotambalala m'mbali mwa msewu wa Great East kuchokera cha ku akasupe otentha a ku Chinyunyu mpaka kukatsikira cha ku mtsinje wa Luangwa. Lusaka sali kutali kwenikweni: kuchokera pa boma pa Rufunsa ndi makilomita pafupifupi 150. Koma mpikisano wa tchesi si ulendo wopita m'mawa n'kubwerako madzulo. Umatenga masiku awiri, atatu, nthawi zina asanu, ndipo pa mtengo wa basi pamawonjezeka ndalama yolembetsera, malo ogona ndi chakudya, osaiwala chilolezo cha kuntchito. Munthu wa malipiro a mphunzitsi amasankha mpikisano umodzi kapena iwiri pa chaka. Ina yonse amaionera pa foni, ngati netiweki ilipo ndipo bandulo sinathe.

Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Mwambiwu unachokera kwa anthu amene anaiyang'anitsitsa nkhono. Ili ndi tinyanga tinayi, tiwiri tatifupi ndi tiwiri tatitali, ndipo maso ali kunsonga kwa tatitalito. Ikangogundidwa imatibweza mkati n'kulowa m'chigoba. Woitola kuti aione bwino saona kanthu, woigogoda kuti ituluke amangoichedwetsa. Maso amatuluka pa nthawi ya nkhonoyo, kwa munthu amene wakhala phee osaikhudza. Munthuyo sakungokhala. Diso lake lili pa chigoba, dzanja lake waliletsa. Tchesi ya mipikisano, kuyambira malamulo ake mpaka masamu ake, imayesa munthu pa ziwiri zomwezi, diso ndi dzanja, ndipo imayesa wosewera ndi wotsatira yemwe.

Mipikisano yambiri yotsegukira aliyense imayenda m'njira yotchedwa Swiss, imene inayamba ku Zürich mu 1895. Palibe amene amatuluka akagonja. Wopambana amalandira pointi imodzi, olepherana amagawana theka theka, wogonja amachoka chimanjamanja, ndipo pa raundi yotsatira aliyense amapatsidwa mnzake wa mapointi ofanana ndi ake, bola asakhale amene wasewera naye kale. Ndi maraundi 6 okha, anthu 64 amasefeka mpaka kutsala mmodzi, kapena osatsala ndi mmodzi yemwe, wopambana magemu onse. Njirayi ili ndi nkhanza yake pachiyambi. Mayina amandandalikidwa malinga ndi mphamvu, mndandanda n'kudulidwa pakati, ndipo woyamba wa theka lapamwamba amakumana ndi woyamba wa theka lapansi: nambala 1 ndi nambala 33, nambala 2 ndi nambala 34. Ndiye kuti wogwera m'manja mwa katswiri pa raundi yoyamba si wofooka kwambiri ayi, koma wa mphamvu zapakatikati, amene kwawo amamutcha mphunzitsi wa anzake. Kawirikawiri amagonja. Gemu yachiwiri amapatsidwa wogonja mnzake, ndipo pofika raundi yachinayi aliyense amakhala wafika pa msinkhu wake. Mpikisano weniweni wa wosewera wa kalabu umayambira pamenepo, pa matebulo a pakati amene oonerera sawaunjikira. Amene gemu yoyamba inamuswa mtima n'kuyamba kusewera mwachisawawa amafika pa matebulo amenewo atataya kale mapointi awiri amene anali ake.

M'holo ya mpikisano muli bata lodabwitsa munthu wozolowera nsolo kapena drafiti. Pansi pa mtengo masewera ndi a onse: oonerera amalangiza, amaseka, amaloza ndi chala, ndipo wolakwitsa amatha kubweza ngati mnzake ali wachifundo. M'holo mulibe zimenezo. Malamulo a FIDE, bungwe loyendetsa tchesi pa dziko lonse limene linakhazikitsidwa ku Paris mu 1924, amati msilikali amene wosewera wamukhudza mwadala ndi yemweyo ayenera kusunthidwa, ndipo akangomusiya pa kabokosi kena nkhani yatha. Madzi akatayika saoleka. N'chifukwa chake makochi ambiri amauza ana kuti akhalire manja awo mpaka mutu utamaliza ntchito. Kusuntha kulikonse kumalembedwa pa pepala, ndi zilembo za a mpaka h ndi manambala a 1 mpaka 8, ndipo pamapeto onse awiri amasayina. Foni ikalira m'thumba, gemu yapita. Mu 2003, ku Plovdiv m'dziko la Bulgaria, Ruslan Ponomariov, amene pa nthawiyo anali ngwazi ya FIDE ya dziko lonse, analuza gemu chifukwa cha foni yolira. Lamulo limene silinaope ngwazi silingamvere chisoni mlendo amene waiwala kuzimitsa foni poyembekezera uthenga wa kunyumba.

Mwambi uliwonse uli ndi polekezera, ndipo wa nkhonowu umalekezera pa wotchi. Nkhono ilibe nthawi yoikika, gemu ili nayo. Pa tchesi yaitali, nthawi yofala ndi mphindi 90 kwa wosewera aliyense, n'kumawonjezera masekondi 30 pa kusuntha kulikonse. Palinso ya rapid, ya mphindi zopitirira 10 koma zosafika 60, ndi ya blitz, ya mphindi 10 kapena kucheperapo. Nthawi ikatha, munthu wagonja ngakhale akhale ndi asilikali ochuluka, pokhapokha mnzakeyo atakhala kuti alibenso njira iliyonse yomangira mfumu. Osewera a m'makalabu amagwera mbali ziwiri. Wina amamaliza gemu ya maola anayi m'mphindi 20, wotchi yake ikadali yodzaza, maso ali kale pa khomo. Wina amamira pa malo amodzi theka la ola, osati chifukwa akuwerengera njira zatsopano koma chifukwa akuopa kusankha, akungozungulira pa njira ziwiri zomwezo. Wachiwiriyu ndiye womvetsa chisoni, popeza amadziyesa wodekha. Chetechete sautsa nyama. Mu gemu ya kusuntha 40, malo ofuna kuganiza mozama amakhala ochepa, mwina atatu kapena anayi, ndipo luso lagona pa kuwazindikira akafika. Ena onse amafuna kusuntha kwabwino, osati kwangwiro. Izi munthu saziphunzira popanda wotchi, ndipo wotchi ya tchesi ndi chipangizo chimene makalabu ang'onoang'ono amagula pomalizira, atagula kale mabolodi. Foni ikhoza kugwira ntchito ya wotchi pokonzekera, koma ambiri amaikumbukira atakumana kale ndi yeniyeni.

Chimene wotsatira mipikisano amayang'ana koposa ndi retingi, nambala yoyeza mphamvu ya wosewera. Njira yake anaikonza Arpad Elo, mphunzitsi wa sayansi wobadwira ku Hungary amene ankakhala ku America, ndipo FIDE inayamba kuigwiritsa ntchito mu 1970. Nambalayo siyeza nzeru. Imangonena zoyembekezeka anthu awiri akakumana. Woposa mnzake ndi 200 amayembekezeka kutenga mapointi 76 pa magemu 100, woposa ndi 400 amayembekezeka kutenga pafupifupi 92. Gemu ikatha, zimene zachitika amazichotsera zimene zinkayembekezeka, n'kuchulukitsa ndi nambala ina yokhazikika: 40 kwa amene sanakwanitse magemu 30 ndi kwa achinyamata osapitirira zaka 18 amene sanafike 2300, 20 kwa osewera wamba, 10 kwa amene anafikapo pa 2400. Wosewera wamkulu wa 1600 akagonjetsa wa 1800 amakwera ndi 15. Akalepherana naye amakwera ndi 5, akagonja amatsika ndi 5. Koma akagonja kwa mwana wa 1400 amatsika ndi 15, phindu lonse la dzulo n'kupita. Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha, ndipo pa retingi kudumphako n'kwa 5, kwa 10, kwina n'kobwerera m'mbuyo. Maudindo ali patali: 2200 kwa Candidate Master, 2300 kwa FIDE Master, 2400 kwa International Master, 2500 kwa Grandmaster. Nambala yapamwamba kwambiri imene munthu anafikapo ndi 2882, ya Magnus Carlsen wa ku Norway mu 2014.

Nambalayi ili ndi matenda ake. Pali osewera amene amalowa m'holo atawerengera kale zimene angataye, amapempha kulepherana msanga akakumana ndi wamphamvu, ndipo amanjenjemera akapatsidwa mwana wa sukulu. Ameneyo wayamba kugogoda chigoba. Retingi imabwera pambuyo pa kusewera bwino, mochedwa, ndipo woithamangitsa imamuthawa.

Koma vuto la wosewera wa ku Rufunsa limayamba nambalayo isanabwere n'komwe. Kuti munthu alowe pa mndandanda wa FIDE ayenera kusewera magemu osachepera 5 ndi anthu amene ali kale ndi retingi, m'mipikisano yolembetsedwa ku bungwelo, ndipo zotsatira zake zimufikitse pa 1400, malire apansi amene anakhazikitsidwa mu Malichi 2024. Magemuwo akhoza kuchokera m'mipikisano ingapo, bola ikhale mkati mwa miyezi 26. Tsono wopanda retingi amaikidwa kumapeto kwa mndandanda, ndipo akagonja koyambirira amayamba kupatsidwa anzake opanda retingi. Akhoza kubwerako ku Lusaka atapambana magemu anayi mwa asanu ndi awiri, koma owerengedwa ali awiri okha. Nambala za pa Lichess kapena pa Chess.com sizilowa m'kaundula ameneyu ngakhale zitakwera motani. Apa mwambi uja umatembenuka. Wosewera wakumudzi ndiye ali m'chigoba, ndipo ofunika kudekha ndi oyendetsa masewera. Kusakhala pa mndandanda si umboni wa kufooka. Mwana wa ku Shikabeta amene amagonjetsa aphunzitsi ake onse akhoza kukhala wa 1300 kapena wa 1900, ndipo sizingadziwike mpaka wina atakhala naye pansi magemu okwanira. Kuuza mwana wotere kuti adekhe, pamene palibe amene akubwera kudzamuona, ndi kuupotoza mwambi.

Masewerawa ku Zambia amayendetsedwa ndi Chess Federation of Zambia, ndipo mphamvu zake zaunjikana ku Lusaka ndi ku Copperbelt. Makalabu ena odziwika ali pansi pa asilikali ndi apolisi, monga Red Arrows, Green Buffaloes ndi Nkwazi, mayina omwewo a ku mpira, ndipo chifukwa chake n'chosavuta kumvetsa: kumeneko wosewera amakhala ndi ntchito, ndipo bwana wake amadziwa kuti mpikisano ndi chiyani. Dzikoli lalandirapo mpikisano waukulu wa Africa yonse, ku Lusaka mu 2005, kumene anapambana Ahmed Adly wa ku Egypt, ndi ku Livingstone mu 2018, kumene anapambana mnzake Bassem Amin. Mu 2021 mpikisano womwewo unachitikira ku Lilongwe, Adly n'kutenganso chikho. Wotsatira wakhama amazindikira msanga kuti pa Africa, Egypt ndiyo imayenda patsogolo. Amin anadutsa 2700, munthu woyamba wa mu Africa kufika pamenepo. Kum'mwera kuno kuli mayina akenso: Robert Gwaze wa ku Zimbabwe, amene anapambana magemu ake onse 9 pa Olympiad ya ku Bled mu 2002, ndi Kenny Solomon wa ku South Africa, amene anakhala Grandmaster atapambana mpikisano wa Africa ku Windhoek mu 2014.

Mbiri yoyenera kuikhalira pansi ndi ya Amon Simutowe. Anabadwa mu 1982, anaphunzira tchesi kwa mkulu wake Solomon ali ndi zaka pafupifupi 10, ndipo mu 1996, ali ndi zaka 14, anakhala ngwazi ya Zambia. Anapambana mpikisano wa achinyamata a mu Africa mu 1999 ndi mu 2000. Chaka chomwecho cha 2000, ku Yerevan m'dziko la Armenia, anamaliza molingana mapointi ndi wachiwiri pa mpikisano wa achinyamata a dziko lonse. Aliyense ankati udindo wa Grandmaster uli pakhomo. Unabwera mu 2009. Zaka zapakatizo zimafotokoza mmene masewerawa anamangidwira. Udindowu umafuna kuti munthu aonetse mphamvu ya 2600 m'mipikisano ya magemu 9 kapena kuposa, kawirikawiri itatu, momwe muli ma Grandmaster okwanira ndi osewera a mayiko osiyanasiyana, kenako retingi yake ifike 2500. Mipikisano yotere inali yosowa kum'mwera kwa Africa, popeza ma Grandmaster ake kunalibe. Simutowe anapita kukaphunzira pa University of Texas at Dallas, n'kumayendayenda m'mayiko kufunafuna magemu. Chiyeso chachitatu anachikhoza mu 2007 ku Arnhem m'dziko la Netherlands, kumene anapambana mpikisano wonse, koma anafunika zaka zina ziwiri kuti nambala ikwanire. Anakhala Grandmaster woyamba wa kum'mwera kwa chipululu cha Sahara. Kudekha kwake sikunali kokhala pakhomo. Vuto limene anakumana nalo pa 2500 ndi lomwelo limene mwana wa ku Rufunsa amakumana nalo pa 1400: oyenera kumuyeza ali kutali, ndipo ndi iye ayenera kuwatsata.

Pambuyo pake panabwera ena, ndipo magemu awo ndi amene otsatira a ku Zambia amawasunga. Pa World Cup ya FIDE, wotsika retingi amapatsidwa wapamwamba pa raundi yoyamba, choncho Gillan Bwalya anakumana ndi Vladimir Kramnik ku Tromsø mu 2013, ndipo Richmond Phiri anakumana ndi Hikaru Nakamura ku Baku mu 2015. Onse anagonja, ndipo Kramnik anapitirira mpaka kutenga chikho cha chaka chimenecho. Mu Sepitembala 2018, pa raundi yoyamba ya Olympiad ya ku Batumi m'dziko la Georgia, Andrew Kayonde analepherana ndi Vasyl Ivanchuk wa ku Ukraine, mmodzi mwa osewera amphamvu kwambiri a m'badwo wake. Mu 2021 ku Sochi, Chitumbo Mwali anagonjetsa Haik Martirosyan wa ku Armenia mu gemu imodzi mwa ziwiri asanatuluke pa magemu owonjezera. Kumbali ya amayi, Lorita Mwango wakhala akunyamula mbendera ya dziko kwa zaka zambiri. Apa pali chinthu chimene mpira ulibe. Wokonda Chipolopolo sangalowe m'bwalo kukathamanga ndi amene amawaonera. Wosewera wa kalabu akalipira ndalama yolembetsera pa mpikisano wotseguka ku Lusaka, pepala la raundi likhoza kumukhazika moyang'anana ndi munthu amene anakhalapo moyang'anana ndi Ivanchuk, bolodi lomwelo, wotchi yomweyo, malamulo omwewo. N'chifukwa chake kutsatira kwake sikuli ngati kwa sapota. Akamaona gemu ya Kayonde, akuona munthu amene tsiku lina angakhale mdani wake.

Intaneti yasintha kutsatiraku. Kale munthu ankadikira nyuzipepala kapena buku lakale lobwerekana. Lero mindandanda ya maraundi ndi zotsatira za mipikisano, yaikulu ndi yaing'ono yomwe, zimaikidwa pa Chess-Results, ndipo magemu a akatswiri amaoneka pa foni pamene akuseweredwa. Pa mpikisano wa ungwazi wa dziko lonse wa ku Singapore mu 2024, magemu ankayamba 11 koloko m'mawa pa nthawi ya ku Zambia, nthawi ya ntchito, m'chaka chimene chilala chinatsitsa madzi a ku Kariba ndipo magetsi ankazima maola ambiri pa tsiku. Amene anali ndi batire pa 12 Disembala anaona chinthu chosaiwalika. Gemu yomaliza, ya nambala 14, inkaoneka yopita kolepherana. Gukesh Dommaraju wa ku India, wa zaka 18, anali ndi poni imodzi yoposa, aliyense ali ndi ruku ndi bishopu, malo amene akatswiri amadziwa kuwateteza. Sanapemphe kulepherana. Anapitiriza kusuntha, osaika mfumu yake pangozi, kumusiya mnzake kuti aziyankha mafunso ang'onoang'ono. Pa kusuntha kwa nambala 55, Ding Liren wa ku China anapereka ruku yake kuti asinthane, ataiwala kuti bishopu wake ali pakona pomwe sangathawe kusinthana kwachiwiri. Maruku anachoka, mabishopu anachoka, poni yoposa ija inatsala ikulamula, ndipo Ding anagonja patangopita kusuntha kutatu. Mpikisano unatha 7½ kwa 6½. Gukesh sanatulutse cholakwacho ndi mphamvu. Anangokhalapo mpaka chinatuluka chokha.

Pa foni, komabe, zinaoneka mwa mtundu wina. Pambali pa bolodi pamakhala chingwe choyera ndi chakuda chosonyeza maganizo a kompyuta, ndipo Ding atangosuntha chinalumpha. Anthu amene sakanaona cholakwacho ngakhale atapatsidwa ola lathunthu anayamba kuseka nthawi yomweyo. Apa ndi pamene pali msampha wa wotsatira wa masiku ano. Kuyambira 1997, pamene Deep Blue inagonjetsa Garry Kasparov, makina akhala akukulirakulira, ndipo lero Stockfish, yaulere, yokwana m'foni yotsika mtengo, imaposa munthu aliyense wamoyo. Imayankha funso lisanafunsidwe. Woonera amaona nambala ikusintha n'kuganiza kuti wamvetsa, pamene wangouzidwa. Amadziwa kuti kusuntha kuja kunali koipa koma sadziwa chimene chinanyenga wosewerayo, kutopa kwa maola anayi, mtima wofuna kuti zithe. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe: Loweruka lotsatira, m'holo mopanda foni, munthu yemweyo amasinthanitsa maruku osawerengera maponi otsala.

Njira yakale yotsatirira gemu ikadali yoposa, ndipo ndi yoyenera dera limene bandulo ndi yodula. Gemu yonse ya tchesi ndi mizere yochepa ya zilembo ndi manambala, yokopereka pa pepala limodzi netiweki ikapezeka. Wotsatira amaiyala pa bolodi lenileni, amasankha mbali, amaphimba mizere yapansi, ndipo pa kusuntha kulikonse amayamba wasankha yekha asanaone zimene katswiri anachita. Akasiyana naye amafunsa chifukwa. Makina amafunsidwa pomalizira, ngati mboni, mlandu utakambidwa kale. Akakhala awiri kapena atatu zimakoma koposa, popeza mkangano umatulutsa njira zimene mmodzi sakanaziona. Gemu imodzi yoyendedwa chonchi imatenga madzulo onse, ndipo imasiya zambiri m'mutu kuposa magemu 50 a blitz a pa foni. Zomwezo zimachitika ndi mapepala a magemu a iye mwini. Pa mipikisano pali mwambo wakuti gemu ikatha, awiriwo amapita pambali n'kuibwereza, aliyense kunena zimene ankaganiza. Wogonja amene amathawa mwambowu ndi manyazi amataya phunziro laulere limene analipirira basi. Akatswiri ambiri sakana akapemphedwa mwaulemu, ndipo mphindi 10 zokhala ndi International Master akuloza pamene zinthu zinayambira kupendekera ndi katundu wobwerera naye kumudzi, wokagawira kalabu yonse.

Kubwereza kumeneku kumaonetsanso chinthu china chimene osewera a m'makalabu sachikhulupirira: magemu awo ambiri satha pamene iwo amaganiza kuti atha. Wotaya hatchi amatambasula dzanja n'kuvomera, poganiza kuti akulemekeza masewera. Pakati pa akatswiri zimenezo n'zoona. Pa matebulo a pakati, amene ali patsogolo amalakwitsanso, amathedwa nthawi, amatsekera mfumu ya mnzake mopanda tcheki gemu n'kuthera kolepherana. Nguluwe idalira msampha utaning'a. Pa Swiss theka la pointi lopulumutsidwa motere limasintha mdani wa raundi yotsatira, ndipo pamapeto, anthu akafanana mapointi, amawasiyanitsa powerengera mapointi a onse amene anasewera nawo, njira yotchedwa Buchholz. Ndiye kuti wosewera amafunira zabwino aliyense amene wakumana naye, womugonjetsa yemwe, popeza kupambana kwawo kumamukweza iyenso.

Chotsala ndi funso la mtunda, ndipo lili ndi masamu ake. Kuti mpikisano uwerengedwe ndi FIDE, uyenera kulembetsedwa ndi bungwe la dziko usanayambe, uyendetsedwe ndi woweruza wa chiphaso, wosewera aliyense akhale ndi nambala yake ya FIDE, ndipo pakhale mabolodi, mawotchi ndi mapepala olembapo okwanira. Palibe lamulo lonena kuti uchitikire mumzinda. Holo ya sukulu ya sekondale pa nthawi ya tchuthi ndi yokwanira, ndipo tchesi sifuna magetsi masana. Chosowa chachikulu ndi anthu a retingi, ndipo apa msewu wa Great East ukhoza kuyendedwa chobwerera. Kunyamula ana 20 kupita nawo ku Lusaka ndi matikiti 20, malo ogona 20, ndi makolo 20 ofunika kuwatsimikizira, makamaka a atsikana, amene kawirikawiri ndiwo amatsala ulendo ukakhala wogona. Kuitana osewera 6 a retingi ndi woweruza mmodzi kuchokera ku Lusaka ndi minibasi imodzi. Pali kakonzedwe kotchedwa Scheveningen, komwe aliyense wa gulu limodzi amasewera ndi aliyense wa gulu linalo. Ochereza 6 akakumana ndi alendo 6 motere, FIDE ikavomereza mpikisanowo, aliyense amapeza magemu 6 owerengedwa pa mpikisano umodzi, kuposa 5 amene amafunika. Amene sapeza ngakhale theka la pointi, zotsatira zake za ulendo woyambawo siziwerengedwa ndipo amayambiranso. Enawo, woweruza akatumiza zotsatira kudzera ku bungwe la dziko ndipo masamu akawafikitsa pa 1400, mayina awo amatuluka pa mndandanda umene FIDE imasindikiza pa tsiku loyamba la mwezi uliwonse.